Kodi ndichotse mabatire othira madzi n'kuika omata m'galimoto yogonamo, ndi kutentha kwa kunyanja kuno?

A Mbewe, Senga Bay

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za magetsi a mabatire. Ndili ndi Toyota HiAce imene inabwera kuchokera ku Japan itakonzedwa kale kukhala yogonamo, yokhala ndi bedi, kasinki, firiji yaing'ono ndi mafani awiri, ndipo ndimaigwiritsa ntchito ponyamula alendo ofuna kuyenda m'mbali mwa nyanja kuchokera kuno ku Senga Bay, kudutsa pa Chia mpaka ku Nkhotakota, nthawi zina n'kukagona pafupi ndi nkhalango ya nyama. Kupatula batire lolizira injini, galimotoyi ili ndi mabatire ena awiri a 12V, lililonse la 100Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga), amene ntchito yake ndi kuyatsa zinthu za m'chipinda chogona injini ikazima. Onse awiri ndi aja othira madzi, okhala ndi zotsekera zisanu ndi chimodzi pamwamba, ndipo ali m'bokosi la matabwa pansi pa benchi yogonapo, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa dalaivala.

Chimene chandifoola ndi kasamalidwe kake. Nyengo yotentha, makamaka kuyambira mu Okutobala, madzi amatsika mofulumira kwambiri moti ndikangochedwa pang'ono ndimapeza nsonga za mapuleti zili pamtunda, pomwe kuti ndifike pa zotsekerazo ndimayenera kuchotsa matiresi, kumasula thabwa la benchi ndi kuwerama pamalo opanikiza tochi ili kumanja. Mitu ya mabatire imachita ufa woyera ndi wobiriwira ngakhale ndiipukute chotani, chitsulo cha pansi pa bokosi chayamba kudyeka ndi dzimbiri, ndipo tikadutsa m'misewu yafumbi ya mabampu asidi amatayikira pamwamba. Choipitsitsa n'chakuti alendo ena adandaulapo za fungo lowawa m'mphuno akamagona, ndipo ine sindingakhale ndi mtendere mumtima pogoneka anthu pamwamba pa chinthu chotulutsa mpweya wotero.

Wogulitsa wina ku Lilongwe wandiuza kuti ndigule mabatire omata, aja osathira madzi. Anandionetsa mitundu iwiri, wina wolembedwa AGM ndi wina wolembedwa Gel, nanena kuti ndingochotsa akalewa n'kulumikiza atsopanowo pa mawaya omwewo basi. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri kuposa wa othira madzi, n'chifukwa chake ndikufuna kumva kaye kwa anthu amene sakundigulitsa kanthu. Mabatirewa amatchajidwa m'njira zitatu. Padenga pali panelo ya sola ya 200W yodzera pa controller yaing'ono, kabokosi koyang'anira magetsi olowa m'mabatire, pali relay, switchi yodziyatsa yokha, imene imawalumikiza ku alternator, chopangira magetsi cha pa injini, injiniyo ikalira, ndipo ndikakhala pakhomo ndimawaika pa tchaja ya m'galaja yokhala ndi muvi, yoyendera magetsi a ESCOM, popeza tchaja imene inabwera ndi galimotoyi ndi ya 100V ya ku Japan.

Kodi n'zoona kuti ndingangosintha mabatire okha osakhudza china chilichonse? Nanga pa mitundu iwiriyi, woyenera galimoto yoyenda kumalo otentha ngati kwathu kuno ndi uti? Ndikufunanso kudziwa ngati ndingayambe ndi kugula limodzi, lizigwira ntchito ndi lakale limene lili bwinoko, linalo n'kudzagula ndikapeza ndalama.

A Phiri, mmisiri wa magetsi a sola, Salima boma

Bambo Mbewe, mwachita bwino kutchula njira zonse zitatu zotchajira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kusintha n'kotheka, ndipo pa mabatire okhala pansi pa malo ogona anthu ine ndikuona kuti n'koyenera, koma ndikukupemphani kuti musatulutse ndalama musanafufuze chimene chikumaliza madzi m'mabatire amene muli nawowa. Batire lothira madzi likamatchajidwa moyenera silifuna madzi pafupipafupi chotero ngakhale kunja kutenthe. Madzi akamatha msanga ndiye kuti pali chinthu chimene chikulikakamiza magetsi opitirira muyeso, ndipo magetsi otsalawo akuphwanya madzi kukhala mpweya wa hydrogen ndi oxygen, umene ukutuluka pa zotsekera utanyamula nthunzi ya asidi. Fungo limene alendo anu akumva, ufa wa pa mitu ndi dzimbiri la pansi pa bokosi zonse zikuchokera pamenepo. Hydrogen mwiniwake alibe fungo, koma akafika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa m'bokosi amatha kuphulika ndi kamoto kakang'ono ka waya wokhwefuka, choncho nkhawa yanu ili m'malo mwake.

Mkati mwa batire lomata mulibe zachilendo. Muli mapuleti a mtovu ndi asidi wa sulphuric monga m'batire lina lililonse la mtundu umenewu kuyambira pamene Gaston Planté analitulukira mu 1859. Kusiyana kwake n'kwakuti mu AGM asidiyo amamwetsedwa m'timphasa ta ulusi wagalasi topanikizidwa pakati pa mapuleti, pomwe mu Gel amasakanizidwa ndi silica n'kulimba ngati phala lozizira, moti ngakhale galimoto idumphe chotani palibe chotayika. Oxygen wotuluka pa puleti ya pozitivi amadutsa kupita pa puleti ya negativi n'kubwereranso kukhala madzi mkati momwemo, ndipo n'chifukwa chake simuthiramo kanthu. Koma kabwezeredwe kameneka kali ndi malire ake. Tchaja ikakankha magetsi ochuluka, mpweya umapangika mofulumira kuposa momwe ungabwererere kukhala madzi, kavavu ka pamwamba kamatseguka, ndipo chimene chatuluka pamenepo chatuluka mpaka kalekale. Batire lothira madzi limapirira tchaja yoipa chifukwa inu mumabwezeramo zimene zatha. Lomata limangouma mwakachetechete, mphamvu yake n'kumachepa mwezi ndi mwezi, ndipo mudzazindikira tsiku limene firiji idzazime pakati pa usiku kapena mukadzaona nthiti za batire zitatupa.

Manambala oyenera kutsata ndi amene kampani yopanga yalemba pambali pa batire kapena m'pepala lake, koma kuti mukhale ndi chithunzi, a AGM ambiri amafuna kuti tchaja ikwere kufika pakati pa 14.4V ndi 14.7V, ikhale pamenepo mpaka batire litaleka kukoka magetsi ambiri, kenako itsike kufika pakati pa 13.5V ndi 13.8V n'kumangolisunga lodzadza. A Gel amafuna zochepera, kawirikawiri pakati pa 14.1V ndi 14.4V, ndipo sakhululuka mukapitirira. Tchaja ya m'galaja yokhala ndi muvi ija sidziwa kutsika. Imangokankha, ndipo batire likadzadza imatha kukwera kupitirira 15V inu muli m'tulo. Ndikukayikira kuti iyo ndiyo ikumwa madzi anu ambiri. Controller ya sola nayonso muione bwino. Zambiri zimakhala ndi posankha pakati pa Sealed (omata), Gel ndi Flooded (othira madzi), ndipo ikakhala pa Flooded imakweza magetsi dala pafupifupi kamodzi pamwezi kuti asidi atakasike ndi kuti zipinda zonse za batire zifanane. Zimenezi n'zothandiza kwa othira madzi, koma pa Gel siziloledwa konse, ndipo pa AGM zimachitika pokhapokha wopanga batirelo atalola.

Ndikhazikikeko pa za kutentha, popeza ndi pamene ife a kunyanja timaluzira ndalama zambiri. Manambala onse ndatchulawa amawerengedwa batire lili pa madigiri 25. Likatentha kuposa pamenepo magetsi otchajira amayenera kutsika, ndi pakati pa 0.003V ndi 0.005V pa chipinda chilichonse pa digiri iliyonse yowonjezera. Batire la 12V lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, choncho titatenga nambala ya pakatikati ndi 0.024V pa digiri. Mu Novembala kuno ku Salima, m'galimoto yoima padzuwa, batire kufika madigiri 35 si chinthu chodabwitsa, ndipo pamenepo 14.4V ija iyenera kutsika kufika pafupifupi 14.2V kapena pansi pang'ono. Kusiyanako kukuoneka kochepa pa mita koma kwa batire lomata ndi kwakukulu, chifukwa batire lotentha limakoka magetsi ambiri, magetsi ambiriwo n'kulitenthetsanso, ndipo zikapitirira chotero limatupa kapena kusungunuka kumene. Opanga mabatire amanenanso poyera kuti moyo wa batire la mtovu umadulidwa pafupifupi ndi theka pa madigiri 10 alionse opitirira 25 ngati likhalitsa m'kutenthako. Tsono kumbukirani kuti injini ya HiAce ili pansi pa mipando ya kutsogolo, ndipo bokosi lanu lagundana nayo. Ine ndikadakhala inu ndikadasunthira bokosilo chakumbuyo, kutali ndi injini ndi paipi ya utsi, ndikugulanso controller yokhala ndi kawaya koyeza kutentha komatidwa pa batire lenilenilo.

Pa mitundu iwiriyi ndikukulangizani AGM. Limalandira magetsi ambiri nthawi imodzi, limapirira kugwedezeka, ndipo magetsi a alternator, amene pa galimoto zambiri amakhala pakati pa 14.0V ndi 14.4V, ali pafupi ndi zimene limafuna. Gel ndi labwino panyumba ya sola pamene limatchajidwa pang'onopang'ono ndi controller yokha, koma kulilumikiza ku alternator kudzera pa relay wamba ndi kuliika pachiswe.

Za kugula limodzi musayese. Mabatire olumikizidwa mbali ndi mbali, pozitivi ku pozitivi ndi negativi ku negativi, amakhala ngati batire limodzi, ndipo lakale lofooka lija lizimwa mphamvu ya latsopano usiku wonse, pamenenso tchaja singakhutitse mitundu iwiri yofuna manambala osiyana. Ngati ndalama zikuperewera, n'kwabwino kuchotsa akale onse awiri n'kuyenda ndi limodzi latsopano lokha kwa kanthawi kochepa, firiji muziizimitsa usiku.

Mayi Nabanda, Nkhotakota

Bambo Mbewe, zimene a Phiri afotokoza za katchajidwe sindingazitsutse, koma ndikufuna mumvenso mbali ina musanaganize kuti omata ndi abwino m'zonse. Ndimayang'anira malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno, ndipo magetsi athu a usiku amachokera ku mabatire a sola. Tagwiritsapo ntchito mitundu yonse iwiri m'kachipinda komweko ka malata, ndipo omata aja, ngakhale anali odula, sanakhalitse kuposa othira madzi. Chimene ndinaona n'chakuti batire lothira madzi limakuuza za umoyo wake. Ukatsegula chotsekera umaona madzi pamene afika, ukalowetsa hydrometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa asidi, umadziwa ngati chipinda chilichonse chadzadza, chifukwa lodzadza bwino limaonetsa cha m'ma 1.265 mpaka 1.280, ndipo chipinda chimodzi chikatsalira anzake umadziwiratu vuto lisanakule. Lomata silikupatsa mwayi umenewu. Umangodalira mita, ndipo mita ikhoza kuonetsa 12.8V pa batire lokalamba limene likungosunga theka la mphamvu imene linkasunga lili latsopano. Kwa munthu wosamala, amene ali ndi malo ozizira ndi odutsa mphepo, ine ndimati othira madzi akadali otsika mtengo pa chaka chilichonse chimene agwira ntchito.

Komabe ndikuvomereza kuti mabatire athu ali m'kachipinda kapadera kunja, sagwedezeka, ndipo palibe wogona pamwamba pake. Zanu ndi zina. Ngati simungapeze malo kunja kwa chipinda chogona, monga bokosi lachitsulo lokhomeredwa pansi pa galimoto lofikirika mosavuta, ndiye kuti AGM ndiyo njira, ndipo chimene chatsala ndi kusamala pogula.

Pamenepa ndikuchenjezeni kwambiri, chifukwa ambiri agwa nazo. M'masitolo a zipangizo za galimoto muli mabatire ambirimbiri opanda zotsekera zoonekera, olembedwa MF (maintenance free, kutanthauza osafuna chisamaliro), okhala ndi kadiso kobiriwira pamwamba, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti nawonso ndi osathira madzi. N'zoona kuti simuthiramo madzi, koma mkati mwake asidi ndi wamadzimadzi monga mwa akale aja, ndipo ambiri ndi olizira injini. Batire lolizira injini lili ndi mapuleti ambiri opyapyala, opangidwira kutulutsa mphamvu yaikulu kwa timasekondi tochepa kenako alternator n'kulidzadza nthawi yomweyo. Mukaliika kuti liziyendetsa firiji usiku wonse tsiku ndi tsiku, mapuleti opyapyalawo amanyenyeka pakangopita miyezi. Limene mukufuna ndi lolembedwa deep cycle, la mapuleti ochindikala, ndipo pambali pake palembedwe ma Ah ndi manambala otchajira. Mukaona kuti nambala yaikulu yoonetsedwa ndi ya CCA, imene imaonetsa mphamvu yolizira injini, dziwani kuti ndi la injini.

Musachite manyazi kuliika pa sikelo m'sitolo momwemo. Mphamvu ya batire la mtundu umenewu ili mu mtovu, ndipo mtovu ndi wolemera. AGM yeniyeni ya 100Ah imalemera makilogalamu pafupifupi 30. Mukapeza lolembedwa 200Ah koma munthu mmodzi akulinyamula ndi dzanja limodzi, chizindikirocho n'chabodza. Tengani mita yanu muyeze musanalipire, ndipo ngati latsopano likuonetsa zochepera 12.5V ndiye kuti lakhalitsa pashelefu osatchajidwa, mwina m'nyumba yotentha, ndipo layamba kale kuwonongeka. Onaninso tsiku limene linapangidwa, musankhe awiri a kampani imodzi, kukula kumodzi ndi opangidwa nthawi imodzi, ndipo lisiti yolembedwa nthawi ya chitsimikizo muisunge pabwino.

A Mbewe, Senga Bay

Zikomo kwambiri a Phiri ndi inu Mayi Nabanda. Ndabwereka mita n'kuyeza monga munanenera. Tchaja ya m'galaja ija nditaisiya pa mabatire odzadza inafika 15.6V ndipo m'zipinda munkamveka kubwata. Controller ya sola ndaipeza ili pa Flooded, ndipo ili ndi posankha Sealed ndi Gel, koma ilibe polowetsa kawaya koyeza kutentha. Injini ikulira, pa mitu ya batire lolizira pakuoneka 14.2V, pomwe pa mabatire a m'chipinda pakufika 13.6V yokha. Ndayang'ananso pansi pa galimoto monga Mayi ananenera, koma malo amene alipo ndi otsika kwambiri moti bokosi lizigunda miyala ndi kulowa madzi m'misewu ya dzinja, choncho ndatsimikiza kuti ndigule AGM ndi kusunthira bokosi kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Popeza ndikusintha kale, kodi 200Ah ndi yokwanira kapena ndiwonjezere batire lachitatu? Mabatire akalewa m'mawa amakhala atatsika mpaka 11.9V tikagona malo amodzi masiku angapo osayenda. Komanso mnzanga wina akundiuza kuti ndisavutike ndi za mtovu, ndingogula batire la lithium. Kodi pamenepa mukuti bwanji?

A Phiri, Salima boma

Bambo Mbewe, manambala mwabweretsawa atiunikira zambiri. Tchaja ya 15.6V ija isayandikirenso mabatire atsopano. Mupeze tchaja ya 230V yodziwa kutsika yokha, yokhala ndi posankha AGM, ya ma amp pakati pa 20 ndi 30 pa mabatire a 200Ah.

Musanaganize za batire lachitatu tiyeni tiwerengere zimene mumadya pa tsiku. Firiji yaing'ono ya 12V yokhala ndi kompuresa imakoka ma amp pafupifupi 3.5 ikamalira, ndipo kotentha kuno imalira kupitirira theka la tsiku, choncho tiiwerengere 45Ah. Mafani awiri usiku wonse ndi pafupifupi 16Ah, mababu a LED, mafoni a alendo ndi pampu ya madzi tiziphatikize zikhale 14Ah, zonse pamodzi 75Ah. Batire la mtovu, kaya lothira madzi kaya lomata, siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye pa 200Ah muli ndi 100Ah yogwiritsa ntchito, imene ikukwana tsiku limodzi n'kutsalako. Vuto lili pa zobwezeretsa. Panelo ya 200W, tikaiwerengera maola asanu a dzuwa lamphamvu n'kuchotsapo zotayika chifukwa cha kutentha, fumbi ndi kugona mosapendekeka padenga, imabweza pafupifupi 55Ah, ndipo zimachepera pamenepo mukaima pamthunzi kuti alendo asapse kapena kukachita mitambo ya m'dzinja. Tsiku lililonse mukutapa 75 n'kubweza 55, ndipo n'chifukwa chake pakapita masiku mukupeza 11.9V, amene akutanthauza kuti mabatire atsika kupitirira theka. Batire lachitatu lingangochedwetsa kutsikako koma silingakuthetse. Choopsa n'chakuti batire la mtovu likamakhala losadzadza masiku ambiri, mchere wa sulphate umauma pa mapuleti osasungunukanso, ndipo pa AGM, pokhapokha wopanga atalola, mulibe njira yokweza magetsi kuti muuchotse monga mmene mungayesere pa othira madzi. Ndalama za batire lachitatu mugulire panelo yachiwiri ya 200W ndi controller ya MPPT, mtundu umene umakolola magetsi ambiri ku panelo, yokhala ndi choyezera kutentha.

Kusiyana kwa 14.2V ndi 13.6V kukusonyeza kuti waya wochokera kutsogolo ndi wowonda kapena polumikizira pachita dzimbiri, ndipo mukasunthira bokosi kumbuyo wayayo atalika, kutayikako n'kukula. Ndi 13.6V mukhoza kuyenda kuchokera ku Salima mpaka ku Dwangwa mabatire osadzadza. Kungoika waya wonenepa kumathandiza, koma AGM yotsika imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi moti alternator ikhoza kutentha. Njira yabwino ndi kuchotsa relay n'kuikapo tchaja ya DC-DC ya ma amp 20 kapena 30, imene imatenga magetsi a kutsogolo, n'kuwakonza kuti afike pa nambala imene batire likufuna, n'kuikanso malire pa zimene alternator ikupereka.

Polumikiza mabatire awiriwo, pozitivi ipite ku pozitivi ndi negativi ku negativi ndi mawaya aafupi, onenepa ndi ofanana kutalika, koma waya wopita ku zipangizo mutenge pozitivi pa batire loyamba ndi negativi pa batire lachiwiri, kuti onse awiri azigwira ntchito mofanana. Fyuzi ikhale kunja kwa bokosi koma pafupi kwenikweni ndi mutu wa pozitivi, ndipo waya wochokera kutsogolo akhale ndi fyuzi mbali zonse ziwiri chifukwa mbali zonse kuli batire. Pochotsa akale, yambani ndi kudula mapanelo ku controller, kenako mumasule negativi, pozitivi pomaliza. Poika atsopano ndi mobwerera, ndipo controller iyambe yaona batire ndi kuikidwa pa Sealed musanabwezere mapanelo, chifukwa ma controller ena amatha kuwonongeka akalandira magetsi a dzuwa popanda batire. Mabatirewo amangidwe mwamphamvu ku chitsulo cha galimoto, pakuti makilogalamu 60 osamangidwa ndi oopsa mukaponda buleki mwadzidzidzi, ndipo pakati pawo musiye mpata wolowa chala kuti mphepo izidutsa.

Za lithium mnzanuyo sakunama. Mtundu wa LiFePO4 umalemera zosafika theka la AGM, mukhoza kuutsitsa mpaka magawo 80 pa 100 kapena kupitirira, ndipo susamala kukhala wosadzadza. Koma mtengo woyambira ndi wokwera, umadalira kabokosi ka BMS koyang'anira ndi kuteteza batire, kamene kakafa kunyanja kuno wokonza ndi wosowa, ndipo tchaja zonse zitatu ziyenera kukhala zodziwa lithium. Langizo langa n'lakuti pogula MPPT, DC-DC ndi tchaja ya 230V musankhe zokhala ndi posankha AGM ndi lithium pomwe, kuti tsiku limene mudzafune kusintha mudzangogula batire lokha.

Che Amini, Chia

Achimwene a Mbewe, ine ndimakonza injini za maboti ndipo ndimatchaja mabatire amene asodzi amayatsira nyali pokopa usipa, choncho mabatire otopa ndimawaona ambiri. Ndiwonjezere ziwiri zimene sizinakambidwe mokwanira.

Choyamba, musamve kuti ndi omata n'kuwatsekera m'bokosi lopanda potulukira mpweya. Kavavu kamene a Phiri atchula kakatseguka, chotuluka ndi hydrogen yemweyo, ndipo tsiku limene tchaja idzalakwe mudzafuna kuti apeze njira yopita kunja osati m'chipinda cha alendo. Hydrogen ndi wopepuka, amakwera m'mwamba, ndiye bowo lotulutsira likhale pamwamba pa bokosi ndi kapaipi kopita kunja kwa galimoto, lina lolowetsa mphepo likhale pansi. Kukamwa kwa kapaipiko kuloze pansi ndipo muikepo kasefa ka waya, apo ayi fumbi, mvula ndi mavu omanga zisa adzakatseka. Fyuzi, relay kapena inveta yosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba zisakhale m'bokosi limodzi ndi mabatire.

Chachiwiri ndi malo akale aja ndi mabatire amene muchotsewo. Asidi amene anatayikira pansi pa benchi apitiriza kudya chitsulo ngakhale mabatire atachoka. Sungunulani soda wophikira m'madzi, muthire pamalopo mpaka thovu litasiya kutuluka, mutsuke ndi madzi oyera, muumitse, mupale dzimbiri lonse ndi kupaka penti yoteteza chitsulo musanabwezere thabwa. Matabwa a bokosi lakale amwa asidi, musawagwiritsenso ntchito ndipo asapite kukhitchini ngati nkhuni. Valani magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo madzi otsukirawo asatsikire kunyanja kapena pafupi ndi chitsime.

Mabatire akalewo musawatsanule asidi kapena kuwaswa, ndipo musawasiye kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera, chifukwa mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo ndipo suonetsa zizindikiro msanga. Kuno ndaonapo anthu akusungunula mapuleti pamoto kuti apange zolemeretsa maukonde, osadziwa kuti utsi ndi fumbi lakelo ndi poizoni kwa onse okhala pafupi. Ogula zitsulo zakutha amagula mabatire otere pa kilogalamu, ndipo masitolo ena amachotsako mtengo wa latsopano mukawasiyira lakale, choncho funsani wogulitsa wanu wa ku Lilongwe musanapite. Powanyamula akhale choimirira, zotsekera zili zomanga, m'beseni la pulasitiki, ndipo mitu yake muikulunge ndi tepi kuti sipanala kapena jeke zisaigunde panjira.